Galasi la float linali lenileni koma linacheka munthu: lipoti la shopu ina ku Chipata

Lipoti ili ndalembera anzanga a ntchito ya magalasi ndi aluminiyamu, komanso makontilakita amene amalemba makotesheni a nyumba za anthu. Likunena za mkangano umene unabuka pa shopu ina ya zovala kuno ku Chipata, pakati pa mayi mwini shopu ndi kontilakita amene anaika magalasi akutsogolo. Ine sindinaike nawo magalasiwo. Ndinaitanidwa zinthu zitafika kale pa mwana wakana phala, kuti ndiyang'ane ntchitoyo ndi kunena ngati mayiyo anaberedwa kapena ayi.

Mmene malo analili

Shopuyo inayang'ana kum'mawa, m'mbali mwa msewu umene umadutsa anthu ndi njinga tsiku lonse. Kutsogolo kwake kuli felemu ya aluminiyamu: chitseko pakati, magalasi awiri aakulu uku ndi uku, ndi timawindo titatu pamwamba. Galasi lalikulu lililonse ndi mamita 1.2 m'lifupi ndi mamita 2 m'litali, ndipo limayambira pafupi ndi pansi, pakakhoma ka njerwa ziwiri. Pa kotesheni, magalasi onsewa anali ndi mzere umodzi wokha, wakuti 6mm clear float.

Mayiyo si munthu wosaina chinthu asanachimvetse. Anapita ku hadiweya ina kukafunsa kuti float ndi chiyani, ndipo mnyamata wa pakauntala anawauza kuti ndi galasi lamakono, labwino kuposa lakale lija. Mnyamatayo sananame. Koma mayi anabwerako akuganiza kuti akugula galasi lolimba mwapadera, loti silingavulaze munthu. Pa kotesheni yomweyo panalinso door closer, kachipangizo kobweza chitseko pang'onopang'ono, ndipo iwo anakachotsa pofuna kuchepetsa mtengo.

Chizindikiro choyamba chinaoneka mu Julayi. M'mawa wina anapeza galasi lakumanzere lili ndi mng'alu wochokera pansi, wokwera chokhotakhota mpaka cha m'chiuno mwa munthu. Mayi anati ndi ana oponya miyala. Kontilakita atabwera anavomereza zomwezo, chifukwa zinkamuchotsa pa mlandu. Anamatapo selotepi n'kusiya. Palibe amene anafunsa kuti ngati unali mwala, nanga pamene unamenya ndi pati.

Mu Ogasiti, mphepo ija ya fumbi itayamba, chitseko chinasiyidwa chotsegula ndipo chinamenyetseka. Galasi lake linasweka m'zidutswa zazitali zosongoka. Mtsikana wogulitsa m'shopumo, mwana wa mchimwene wawo wa mayi, anathamangira kuti achigwire, ndipo chidutswa chimene chinatsalira kumwamba kwa felemu chinatsetsereka n'kumucheka pamkono. Anamusoka kuchipatala. Tsiku lomwelo mayi anaimbira kontilakita foni: "Munandilembera float, mwandiikira galasi wamba. Tikaonana kupolisi." Mkulu wina wa mpingo amene amawadziwa onse awiri ndiye anawapempha kuti ayambe aitana munthu wa magalasi wosakhudzidwa ndi ntchitoyo.

Zimene ndinapeza

Mwamwayi zidutswa za chitseko anali atazisunga m'katoni. Ndinayeza chimodzi ndi vernier, kachipangizo koyezera makulidwe, chinakwana mamilimita 5.9. Galasi la 6mm limaloledwa kuchepa kapena kupitirira pang'ono chotero, choncho pa makulidwe panalibe chinyengo. Ndinaimika chidutswa chachikulu n'kuyang'ana mzere wa denga la nyumba ya tsidya la msewu kudzera m'menemo, uku ndikusuntha mutu. Mzerewo sunagwedezeke. M'nyumba zina zakale za nthawi imene tauni ino inkatchedwa Fort Jameson, mukayang'ana chotero pawindo limene silinasinthidwepo mumaona mitengo ikuvina, chifukwa galasi la masiku amenewo linkachita kukokedwa ndipo linkatsala ndi mafunde. Ili linalibe. Linali float ndithu.

Kenako ndinafufuza m'makona onse ngati muli chidindo. Galasi loteteza anthu limakhala ndi kachidindo kosafufutika pakona, ndipo apa panalibe. Ndinavala magalasi a dzuwa a polarised n'kuyang'ana galasi lakumanja chammbali. Likanakhala toughened, galasi lowotchedwanso kuti lilimbe, ndikanaona timadontho ndi timizere ta mdima, tofanana ndi timene timaoneka pawindo lakumbuyo la galimoto. Silinaonetse kanthu. M'mphepete mwa zidutswa munalibenso kamzere ka pulasitiki pakati, kamene kamaoneka pa laminated, magalasi awiri omatidwa pamodzi. Kaswekedwe kake komweko kanali kataulula kale zonse, koma pa mkangano wa ndalama ndi bwino kuti eni ake aone ndi maso awo njira iliyonse imene mwayezera.

Mng'alu wa mu Julayi ndi umene unandichedwetsa. Panalibe poti mwala unamenya, paja mwala umasiya kabala koyera ndipo ming'alu imayambira pamenepo kupita mbali zonse. Uwu unali umodzi, unachokera m'mphepete mwenimweni, unatuluka mowongoka bwino kwa utali wa chala, kenako n'kuyamba kukhota. Umenewo ndi mng'alu wa kutentha. Theka lapansi la galasilo linamatidwa sitika yakuda yokhala ndi dzina la shopu, imene mayi anaitanitsa okha ntchito itatha. M'mawa wa Julayi aluminiyamu imakhala yozizira kwambiri, ndipo dzuwa likangotuluka limawomba pa sitikayo. Pakati pa galasi pamatentha n'kufuna kufutukuka, pamene m'mphepete mobisika m'felemu mukadali mozizira. Galasi losawotchedwanso limayamba kukhala pangozi kusiyanako kukafika madigiri pafupifupi 40, ndipo ngati m'mphepete muli kale bala, limang'aluka kusiyanako kusanafike n'komwe pamenepo.

Bala linalipo. Titachotsa mabidi, timizere ta aluminiyamu togwira galasi m'felemu, n'kunyamula galasilo, tinapeza kuti linakhazikidwa pa aluminiyamu yeniyeni, popanda ma setting block, timitsamiro timene galasi limakhalira. M'ngalande ya pansi munali sikuluwu imene mutu wake sunalowe bwino, ndipo galasi lolemera makilogalamu 36 linakhalira pamutu umenewo. Pamalopo panali patabenthuka kachidutswa kukula kwa chikhadabo, ndipo mng'alu unayambira pakati pa kubenthukako. Ndinaitana kontilakita kuti agwirepo ndi chala chake. Anagwira, n'kungoti chete.

Zonse zitaphatikizidwa, funso limene anandiitanira linali ndi yankho losakomera mayi: analipira float ndipo anapatsidwa float. Koma ntchitoyo inali yolakwika, ndipo kulakwa kwake kwakukulu kunali pa pepala lomwe onse awiri anasaina.

Zimene dzinali limanena ndi zimene silinena

Float ndi dzina la kapangidwe. Mchenga woyera, soda, laimu ndi magalasi osweka amazisungunula m'ng'anjo yotentha madigiri pafupifupi 1,500. Phala lagalasilo amalithira pamwamba pa dziwe la tini wosungunuka, chitsulo choyera chija amakutira nacho zitini za chakudya. Tini amalemera kuposa galasi, choncho galasi limayandama n'kudziyala lokha mosalala, monga amachitira mafuta ophikira mukawadonthezera m'beseni la madzi. Limalowa padziwepo lili pa madigiri opitirira 1,000, limatuluka lili pafupifupi 600 litalimba moti mawilo angalinyamule osalidinda. Kenako limadutsa m'ng'anjo ina yaitali yoliziziritsa pang'onopang'ono, ndipo kuzizira kwapang'onopang'onoko ndiko kumatilola ife kulicheka ndi kata, kachipangizo kochekera galasi. Njirayi inapezedwa ndi Alastair Pilkington ku kampani ya Pilkington Brothers ya ku St Helens, England, ndipo inalengezedwa mu 1959. Isanabwere, wofuna galasi losalala bwino ankagula lochita kupalidwa ndi kupukutidwa mbali zonse ziwiri, lomwe linali lodula kwambiri.

Lero pafupifupi galasi lililonse lafulati limene tingagule, kaya lachokera ku fakitale ya PFG ku Springs ku South Africa kapena ladzera panyanja kuchokera ku Asia, linapangidwa chomwecho. Lagilini, labuluu, la bronze, ngakhale kalilole wa ku saluni, zonsezi chiyambi chake ndi float. Toughened ndi float imene aitenthetsanso kupitirira madigiri 600 n'kuiuzira mphepo yozizira mwadzidzidzi. Imalimba kanayi kapena kasanu, ndipo ikasweka imanyenyeka tizidutswa tosacheka kwambiri. Laminated ndi mapepala awiri a float omatidwa ndi pulasitiki ya PVB pakati. Ija timaitcha 6.38 ndi magalasi awiri a 3mm ndi pulasitiki ya 0.38mm.

Ndiye kasitomala akafunsa kuti "kodi ili ndi float?", yankho pafupifupi nthawi zonse ndi inde, ndipo silimuthandiza chilichonse. Ife amisiri tikamati float pakati pathu timatanthauza galasi limene silinachitidwe china chilichonse litachoka pafakitale, ndiye kuti lotsika mtengo ndi losateteza munthu. Kasitomala akamva mawu omwewo amamva kuti lapamwamba. Kusiyana kumeneku kumakomera wogulitsa, n'chifukwa chake ambiri sitivutika kukukonza. Ineyo ndimaona kuti kulemba float pa chitseko cha shopu osanenapo china ndi chinyengo chochitidwa ndi mawu oona.

Tsiku lokambirana

Tinakhala m'shopu momwemo titatseka, mayi, amuna awo, kontilakita, mkulu wa mpingo uja ndi ine. Nditanena kuti galasilo ndi float yeniyeni, kontilakita anapumira m'mwamba ndipo mayi anaimirira. "Atate, ndiye kuti nanunso akugulani?" Ndinawapempha kuti titulukire panja pomwe panaima galimoto ya amuna awo. Ndinawaonetsa chidindo cha pagalasi lakutsogolo ndi cha pawindo la m'mbali. Ndinati, "Amayi, munaonapo minibasi itachita ngozi pa Great East Road. Galasi lakutsogolo limang'aluka koma limakhalabe pamalo pake, la m'mbali limasanduka timiyala. Onse awiri ndi float, koma wina anamatidwa, wina anawotchedwanso. Lanu lija silinachitidwe chilichonse." Apa ndi pamene nkhani inatembenukira, chifukwa bambo aja anafunsa funso loyenera. Anayang'ana kontilakita n'kuti, "Achimwene, inu munkadziwa kuti pachitseko pamafunika lina?"

Kontilakita anayankha kuti ankadziwa, koma akanalemba laminated mtengo ukanakwera ndipo ntchito ikanapita kwa wina. Mawu amenewo ndi oona m'tauni muno, ndipo tonse tinatayapo ntchito chifukwa cha zimenezi. Koma sakanalephera kulemba mitengo iwiri n'kusiya mwini wake asankhe akudziwa. Ku South Africa malamulo a zomangamanga, SANS 10400 gawo N, amalamula kuti pa zitseko ndi pa magalasi oyambira pafupi ndi pansi paikidwe galasi loteteza anthu. Zifukwa zimene analembera lamuloli zilinso kuno ku Chipata, ku Kapata ndi ku Down Shops: mwana wothamanga, mphepo, munthu wonyamula katundu amene sakuona kutsogolo.

Sindinabise mbali ya mayi. Door closer anachotsa okha, ndipo sitika yakuda anaika osafunsa. Iwo anati palibe anawachenjeza, zomwenso ndi zoona. Mapeto ake anagwirizana kuti kontilakita alipira galasi la chitseko, la kumanzere, ntchito yonse yoikanso ndi ndalama za kuchipatala. Mayi alipira door closer ndi ndalama yapamwamba imene laminated imaposera float wamba pagalasi lakumanzerelo. Za kupolisi zinathera pomwepo.

Chifukwa chimene ndinasankhira laminated

Kontilakita ankafuna toughened, poti ndi yolimba ndipo sitika sikanaivutitsa. Pa kutentha ankanena zoona: toughened imapirira kusiyana kwakukulu, pamene laminated wamba imang'aluka ndi dzuwa mofanana ndi float iliyonse. Ndinakana pa zifukwa ziwiri. Toughened sichekedwa kapena kubooledwa ikawotchedwa. Mumatumiza miyeso ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500, n'kudikira, ndipo ikafika itakula ndi mamilimita atatu okha ndiye kuti ndalama zalowa m'madzi. Felemu ya pashopuyi sinali sikweya bwino, kona ndi kona zinkasiyana, choncho ngoziyo inali yeniyeni. Chachiwiri ndi akuba. Toughened ikamenyedwa ndi chinthu chosongoka imagwa yonse nthawi imodzi ndipo khomo limatsala pululu. Laminated imang'aluka koma pulasitiki imaigwira, ndipo wakuba amafunika nthawi ndi phokoso kuti alowe. Pa shopu ya zovala yopanda mabaglabazi, zimenezi zinalemera kwambiri.

Galasi lakumanja linali lamoyo, ndipo ndalama zinali zitatha kumbali zonse ziwiri. Ndinafuna kuti nalonso lisinthidwe, mayi anakana. Tinalichotsa, tinaona m'mphepete kuti mulibe bala, tinalikhazikanso bwino, tinamata filimu yoteteza mkati mwake, ndipo anaika benchi ya zionetsero kutsogolo kwake kuti munthu asaliyandikire. Ndinalemba pa pepala kuti iyi ndi njira yongoyembekezera ndipo mayi anasaina. Filimu imagwira zidutswa kuti zisamwazike, koma ikangolekezera m'mphepete mwa raba osalowa pansi pa mabidi, galasi lonse lingathe kutuluka m'felemu lili lomatana. Ife tinamata galasi lili pansi, mpaka kumapeto kwenikweni.

Timawindo tapamwamba tinatisiya momwemo. Kumeneko float wamba ili pamalo pake, ndipo palibe chifukwa chowonongera ndalama za kasitomala. Galasi long'aluka lija tinalicheka n'kupeza magalasi aang'ono a mawindo a sitolo ya kumbuyo, zomwe zinachepetsako chitayiko cha kontilakita.

Pa kuika, anyamata a kontilakita anali asanachekepo laminated, choncho ndinachekera pamaso pawo. Mumalemba ndi kata pamwamba, mumatembenuza, mumalembanso pansi pamzere womwewo ndendende. Mukaphonya ndi milimita imodzi m'mphepete mumatuluka mano. Mumathyola mbali imodzi, kenako inayo, ndipo magalasi awiriwo amatsala akulendewera pa pulasitiki. Ambiri amathira sipiriti mumng'alumo n'kuyatsa moto. Ine ndimatenthetsa ndi heat gun, chipangizo chouzira mpweya wotentha, mpaka pulasitiki itafewa, n'kukoka pang'ono kuti leza ilowe, chifukwa moto umatentha malo amodzi mopitirira ndipo umayambitsa timing'alu tosaoneka. Pambuyo pake mumapala m'mphepete ndi mwala kuti musatsale pobenthuka. Tinasiya mpata wa mamilimita atatu mbali iliyonse, tinaika ma setting block awiri pansi, lililonse pa gawo limodzi mwa magawo anayi kuchokera kukona, ndipo sikuluwu ija tinaichotsa n'kuika ya mutu wolowa. Aluminiyamu imafutukuka ndi kukhwinyata kuposa galasi kawiri ndi theka, ndiye wocheka galasi lothina kuti lioneke laudongo akulitchera msampha wa mwezi wa Juni.

M'ngalande ya pansi tinapezanso kuti timabowo totulutsira madzi tinatsekeka ndi pulasitala. Kwa laminated zimenezi n'zoipa kwambiri, chifukwa madzi akamakhala m'mphepete amalowa mu pulasitiki ndipo galasi limayamba kuchita mtambo kuchokera pansi. Tinatiboola tonse. Sitika yakuda inalowedwa m'malo ndi zilembo zoyera zodulidwa chimodzichimodzi.

Zimene zinatsatira

Mvula inabwera ndipo madzi sanakhale m'felemu. Mtsikana uja anachira, watsala ndi chipsera koma zala zonse zikugwira ntchito. Mu Disembala, malonda atafika pachimake, wanjinga wina amene anabweretsa belo anagunda chitseko ndi keliyala ya njinga yake. Galasi linang'aluka kuchokera pamalo ogundidwawo mpaka kukona, koma palibe chidutswa chinagwa. Mayi anandiimbira ali wokwiya: "Atate, si munati ili ndi safety glass? Taonani lasweka." Anali atamva dzina lachiwirili mofanana ndi mmene anamvera loyamba lija, kuti ndi galasi losasweka. Ndinawakumbutsa za galasi lakutsogolo la galimoto. Ndinawauzanso kuti angathe kugulitsa nacho chitsekocho mpaka zikondwerero zitatha, popeza pulasitiki inali yosang'ambika. Anatero, ndipo mu Januwale analipira okha galasi lina. Kuyambira pamenepo, ndikamapereka ntchito ya laminated kapena toughened ndimatenga kachidutswa kotsala n'kukamenya ndi hamala pamaso pa kasitomala, kuti aone yekha kuti kamasweka ndiponso mmene kamaswekera.

Kwa anzanga amene mungaitanidwe pa nkhani yofanana ndi iyi, mng'alu woyamba ndi umene ukanapulumutsa mkono wa mtsikana uja. Wina akanachotsa bidi imodzi mu Julayi akanaona sikuluwu, akanaona kuti m'makona mulibe chidindo, ndipo funso la chitseko likanabuka mwezi wathunthu mphepo isanayambe. Galasi latsopano likang'aluka popanda bala la mwala, tsegulani felemu musanavomereze nkhani ya ana. Muuzenso mwini nyumba asunge zidutswa, chifukwa popanda katoni ija ndikanangonena zoganizira ndipo palibe akanandikhulupirira.

Kontilakita uja anandibweretsera kotesheni yake yatsopano kuti ndiione. Tsopano galasi lililonse lili ndi mzere wake: malo amene likupita, makulidwe, mtundu, ndi mawu akuti annealed (ndiye float wamba), toughened kapena laminated. Pa zitseko walemba laminated yokha. Anandiuzanso kuti kuli nyumba ina ku Katete, malo ogona alendo, imene anaika float wamba pa zitseko zotsetsereka za zipinda zonse chaka chomwecho. Tinapita kukayeza ndipo tinapereka mtengo. Mwini wake akuti magalasi ake sanaswekepo, ndipo mpaka pano sanavomere kusintha. Galasi lakumanja la pashopu ya zovala nalonso likadali ndi filimu ija.